ZA NGALAWA ZA KU ZISUMBU ZA CROATIA, NDI LIU LAKUTI BROD

Ku Ulaya, ca kumwera, kuli nyanja ya madzi a mcere dzina lace Adriatic. Nyanjayi ndi yaitali ndi yopapatiza, ndipo iri ngati mkono wa nyanja yaikuru ya Mediterranean wopisidwa pakati pa maiko. Tsidya lace la kumadzulo kuli dziko la Italy. Tsidya la kum'mawa kuli maiko angapo, koma limene liri ndi gombe lalitali koposa onse ndilo Croatia. Wophunzira akayang'ana pa mapu adzaona kuti gombe la Italy liri losalala, pamene la Croatia liri ndi timadontho tambirimbiri, monga ngati munthu anamwaza mapira pamadzi. Timadonthoto ndi zisumbu, zimene ena amazichula zilumba. Ziripo zoposa 1,000, kuwerengera pamodzi ndi matanthwe ongoturukira pamwamba pa madzi. Koma zimene pamakhala anthu ziri ngati 50 zokha.

Zisumbu zimenezi kale zinali mapiri a pamtunda. Zaka zikwi zambiri zapitazo, m'nyengo ya kuzizira kwakukuru, madzi ambiri a dziko lapansi anali ataundana kumpoto, ndipo nyanja inali yotsika mamita oposa 100 kusiyana ndi lero. Masiku amenewo munthu akadatha kuyenda pansi kucokera kumene lero kuli gombe kufikira ku zambiri za zisumbuzo. Pamene madzi oundanawo anasungunuka, nyanja inakwera, nilowa m'zigwa, nisiya misana ya mapiri yokha. Ndico cifukwa cace zisumbu zambiri ziri zazitali ndi zoonda, zondanda motsata gombe monga mizere ya m'munda.

Nthaka yace ndi ya miyala ya njereza, imene imamwa madzi msanga. Mvula ikagwa, madzi amalowa m'ming'alu natayika pansi; cotero pa zisumbu zazing'ono palibe mtsinje, ndipo anthu amasonkhanitsa madzi otsika pa tsindwi nawasunga m'zitsime zomanga ndi miyala. Cirimwe cikatalika zitsimezo zimaphwa, ndipo kumabwera combo conyamula madzi okha kudzazidzaza. Mipesa, azitona ndi mikuyu zimabala bwino pakati pa miyalayo, nkhosa zimapezapo msipu pang'ono, ndipo m'nyanja muli nsomba. Koma ufa wa mkate, mankhwala, nsaru ndi zitsulo, zonsezi ziyenera kuoloka madzi. Wodwala kwambiri ayenera kuoloka kunka kucipatala. Mwana wotsiriza sukulu ya pamudzi ayenera kuoloka kunka ku sukulu yaikuru. Kwa anthu a kumtunda mseu ndi cinthu cogona pansi, cimene munthu amapondapo nthawi iri yonse afuna. Kwa anthu a pacisumbu mseu umafika pa ora lace, nuliza lipenga, nucoka, ndipo wocedwa amatsala.

Zombo zoolotsa anthu kumeneko ziri za mitundu itatu, ndipo mtundu uli wonse uli ndi dzina lace m'cinenero ca eni dziko. Cacikuru ndico trajekt, cimene cimatsegula citseko cacikuru kutsogolo kuti magalimoto alowe. Dzinalo linacokera ku liu la Cilatini lotanthauza kuoloka. Coyamba ca mtundu umenewu cinayamba kuyenda mu 1959, pakati pa mtunda ndi cisumbu ca Krk. Cina ndico katamaran, combo ca liwiro cokhala ngati mabwato awiri oonda omangidwa pamodzi, conyamula anthu okha. Cotsiriza ndico ngalawa wamba ya anthu, yaing'ono, yosathamanga, yokhoza kukoceza ngakhale pa malo opapatiza pamene trajekt siifika. Imeneyi iribe dzina lacilendo. Ingochedwa brod, ndilo liu limene anthu a ku Croatia amachulira combo ciri conse. Liuli ndi lalifupi, la zilembo zinai, koma linayenda ulendo wautali lisanafike panyanja.

Cinenero ca ku Croatia ciri ca pfuko limodzi ndi ca ku Russia, ca ku Poland ndi ca ku Czechia. Zinenerozi ziri pacibale monga Cinyanja ciri pacibale ndi Citumbuka ndi Cisena: mau ambiri amafanana, koma nthawi zina liu limodzi limatanthauza cina kwa awa ndi cina kwa awo. Munthu wa ku Russia kapena wa ku Czechia akati brod sanena za combo konse. Anena za malo osaya a mtsinje, pamene wapaulendo amapinda zobvala zace naoloka ndi miyendo. Wa ku Poland amalemba bród, ndipo tanthauzo lace ndi lomwelo. Limeneli ndilo tanthauzo loyamba la liuli, ndipo makolo a anthu a ku Croatia analidziwa comweco.

Makolowo anafika ku gombe la Adriatic ca m'zaka za m'ma 600, kucokera ku maiko a m'kati, a nkhalango, madambo ndi mitsinje. M'maiko otere malo oolokera ali a mtengo wapatali. Njira zimakomana pomwepo, amalonda amagona pomwepo kulindira kuti madzi aphwe, ndipo pogona amalonda sipacedwa kumera mudzi. Cifukwa ca ici midzi yambiri ya mitundu imeneyo iri ndi liu lakuti brod m'maina ao. M'dziko la Croatia lomwelo, kutali ndi nyanja, pa mtsinje wa Sava, pali mzinda wa Slavonski Brod, ndipo tsidya lija la mtsinjewo, m'dziko la Bosnia, pali mzinda wina wochedwanso Brod. Mlendo wodziwa cinenero ca lero cokha angayese kuti mizindayi inachulidwa dzina la combo. Koma iai, inachulidwa dzina la pooloka.

Tsono liu lonena za malo linasanduka bwanji dzina la ngalawa? Odziwa za zinenero amafotokoza motere. Mtsinje ukadzala, pooloka pamakhala pomwepo, pakuti njira za tsidya lino ndi za tsidya lija zimatsikira pamenepo. Koma miyendo siikwaniranso. Pamenepo munthu wina amaika bwato, kapena mitengo yomangidwa pamodzi, naolotsa anthu ndi kulandira kanthu. Wapaulendo amati ali kunka ku brod, ndipo kaya aoloka ndi miyendo, kaya anyamulidwa, liu ndi lomwelo. Motero pang'ono ndi pang'ono dzina linacoka pamcenga ndi kukwera m'bwato. Citsanzo ca ici cikali kuoneka ku Slovenia, dziko loyandikana ndi Croatia. Kumeneko, pa mitsinje ya Mura ndi Sava, pali zoolotsera za matabwa zoyenda motsata cingwe comangidwa tsidya ndi tsidya, ndipo eni ace amazichula brod. Koma ku Croatia liuli silinaime pamtsinje. Linatsika kufikira kunyanja, ndipo linakhala dzina la zombo zonse, ngakhale zazikuru zonka ku America. Liu lao lakale la ngalawa, lakuti lađa, likalipo, koma linacepa mphamvu. Ndipo malo osaya a mtsinje lero amawachula gaz.

Liu likakhazikika limabala ana. Brodar ndiye mwini zombo kapena woyenda nazo. Parobrod ndi sitima ya pamadzi yoyenda ndi nthunzi, pakuti para ndiyo nthunzi. Brodolom ndiko kusweka kwa combo. Broditi kale kunali kuyenda m'madzi ndi miyendo, koma lero ndiko kuyenda panyanja. Ndipo munthu akapulumuka pa nthenda yaikuru kapena pa caka ca mabvuto amanena liu lakuti prebroditi, ndiko kunena kuti waoloka, wafika tsidya.

Wolankhula Cinyanja sadzazizwa nazo izi, pakuti liu lakuti dooko nalonso limagwira nchito ziwiri. Pamtsinje dooko ndi pamene anthu amaoloka; kunyanja dooko ndi pamene mabwato amakoceza. Mau awiriwa, brod ndi dooko, sali pacibale konse, ndipo eni ace sanaphunzitsane. Koma maganizo a anthu anayenda njira imodzi. Kusiyana kwace ndi kwakuti dooko linatsala pagombe, pamene brod linalowa m'ngalawa ndi kucoka nayo.

Mau ena ambiri a zapanyanja anthu a m'gombelo anawabwereka kwa anansi ao a ku Italy, pakuti mzinda wa Venice unalamulira mbali yaikuru ya gombe limenelo zaka mazana angapo, kufikira 1797. Bwato laling'ono amati barka, ndipo woolotsa anthu m'bwatomo amati barkajol. Mu mzinda wa Zadar akalipo amuna a nchito imeneyi. Iwo amapalasa ndi manja naolotsa anthu pakamwa pa dooko la mzindawo, mtunda wosakwana mamita 100, kuti asazungulire njira yaitali. Ndipo eni mzinda amati mwambo umenewu unayamba m'zaka za m'ma 1300. Ngalawa yaikuru ya anthu okalamba a pazisumbu amaichula vapor, ndiko kuti ya nthunzi, cinkana nthunzi inaleka kale ndipo zombo zonse ziyenda ndi mafuta.

Pafupi ndi mzinda wa Šibenik pali kacisumbu dzina lace Krapanj, kosalala ndi kotsika kotero kuti woyang'ana ali patali amayesa kuti nyumba zace zaima pamadzi. Pakati pa iko ndi mtunda pali madzi osakwana theka la kilomita. Amuna a pamenepo anachuka ndi nchito ya kumira pansi pa nyanja kukazula zinkhupule, zimene anthu amasambira. Ndipo amati anawaphunzitsa ndi wansembe wina wocokera ku cisumbu ca Crete, ca m'ma 1700. Popeza pakacisumbupo panalibe malo olima, minda yao inali kumtunda, ndipo tsiku ndi tsiku anali kuoloka m'mamawa ndi kubwera madzulo. Kawirikawiri ogwira nkhafi anali akazi, pakuti amuna anali kutali kofuna zinkhupule. Malo a kumtunda kumene anali kukoceza amachedwa Brodarica, ndipo wophunzira aona yekha liu limene liri kumayambiriro kwa dzinalo. Poyamba panali pongotsikira. Koma mseu, madzi a m'mipope ndi nchito ya malipiro zinafika kumtunda, ndipo mabanja anayamba kumanga komweko. Krapanj, pamene kale panali anthu oposa 1,000, mu 2011 panatsala osakwana 200. Brodarica inakula nikhala ndi anthu oposa 2,000. Dooko linameza mudzi umene unalibala. Kangalawa kakali kuoloka pakati pa malo awiriwo kangapo pa tsiku, ulendo wa mphindi zowerengeka.

Kucokera ku Šibenik komweko kuli njira ina ya ngalawa, yaitalipo, imene ionetsa bwino nchito ya brod. Mzindawo uli m'kati, pamene mtsinje wa Krka ukomana ndi madzi a mcere, ndipo ngalawa imayamba yadzera m'mpata wopapatiza pakati pa matanthwe, nipitirira linga lakale la St Nicholas, limene a ku Venice anamanga m'zaka za m'ma 1500 kuti achinge adani. Ikaturuka pamenepo imafika ku Zlarin, cisumbu cimene anthu ace anachuka ndi kubvuula korali wofiira, wopangira mikanda. Kucoka apo imanka ku Prvić, kumene iima pa midzi iwiri, Prvić Luka ndi Šepurine, nitsiriza ulendo ku Vodice, kumtunda. Ulendo wonse sufika maora awiri. Kwa zaka zambiri njira imeneyi inayendedwa ndi ngalawa yoyera dzina lace Tijat, yomangidwa mu 1955, ndipo ambiri amene inawanyamula ali ana a sukulu inadzawanyamulanso ali ndi imvi.

M'chalichi ca ku Prvić Luka munaikidwa munthu woyenera kumchula m'phunziro la mau, ndiye Faust Vrančić, wobadwa ku Šibenik mu 1551, namwalira mu 1617. Iye anasindikiza mu 1595 buku la mau a zinenero zisanu, cimodzi ca izo cinenero ca kwao. Ndipo m'buku lina anajambula munthu wotsika pansanja atadzimangirira ku nsaru yaikuru yotambasuka, zaka zambiri ndege zisanakhaleko.

Pa Zlarin ndi Prvić magalimoto saloledwa, monganso pa Koločep ndi Lopud, zisumbu za pafupi ndi Dubrovnik. Cotero ora la ngalawa likakwana anthu amatsikira kudooko ndi mawilibala ndi tingolo tokankha. Amarinyero amaponya cingwe, wina pamtunda nacikoleka pa citsulo. Thabwa lokwerera limatsitsidwa. Ndipo mumaturuka mikate, makalata, mankhwala, matumba a simenti, mwina ndi dotolo kapena wansembe. Ngakhale wosayembekeza kanthu amabwera, kudzaona amene wafika ndi amene wacoka, pakuti mbiri zonse za pacisumbu zimayambira pamenepo. Zonsezi zicitika m'mphindi zocepa. Thabwa likakwezedwa mudzi umakhalanso cete.

Mdani wa njira zimenezi ndiye mphepo, ndipo ziripo ziwiri zimene mwana ali yense wa kumeneko amazidziwa maina. Bura ndi mphepo yozizira ndi youma, yogwa mwadzidzidzi kucokera ku mapiri a kumtunda, makamaka a Velebit. Nthawi zina liwiro lace limaposa makilomita 200 pa ora. Imakokolola pamwamba pa mafunde ndi kumwaza thobvu la mcere, kotero kuti mbali za zisumbu za Krk, Rab ndi Pag zopenya kumtunda ziri mbee, zopanda mitengo. Jugo ndi mphepo yofunda ndi yacinyontho, yocokera ca kumwera, pakuti jug ndiko kumwera. Iyo siifulumira, koma imaomba masiku angapo ndi kuutsa mafunde akuru. Mphepozi zimakula m'nyengo yao yozizira, imene iri miyezi ya Disembala, Januwale ndi Febuluwale. Katamaran, popeza ndi yopepuka, ndiyo imayamba kuleka ulendo. Brod yolemera imapirira pang'ono, koma nayonso iri ndi malire ace. Woyendetsa ndiye amaweruza ngati acoke kapena akhale, ndipo mlandu wace ndi wolemera: akacoka aika miyoyo pangozi, akakhala cisumbu cigona copanda mkate, ana sapita kusukulu, ndipo wodwala ayenera kulindira bwato la liwiro kapena helikopita.

Bvuto loposa mphepo ndilo kucepa kwa anthu. Ca m'ma 1890 kacirombo kodya mizu ya mpesa kanafika m'gombelo ndi kuononga minda, imene inali cuma ca zisumbu. Ndipo anyamata ambiri anakwera zombo kunka ku America, Chile, Australia ndi New Zealand. Itatha nkhondo yaciwiri ya dziko lonse ena anatsata nchito m'mizinda. Cisumbu ca Susak cinali ndi anthu oposa 1,000, koma ocuruka anasamukira ku Hoboken, pafupi ndi New York, ndipo mu 2011 otsala sanafike 200. Caka cimeneco anthu a pa zisumbu zonse za Croatia anali ngati 125,000, ndipo ocuruka a iwo anali pa zisumbu zazikuru zowerengeka. Zina za zimenezo, zoyandikana ndi mtunda, zinalandira milatho: Pag mu 1968, Krk mu 1980. Koma palibe amene adzamanga mlatho wonka ku kacisumbu ka anthu 100, ndipo pamenepo nkhani yonse yatsamira pa ngalawa. Anthu akacepa, ngalawa imayenda yopanda kanthu ndi kutaya ndalama. Ngalawa ikacepetsa maulendo, banja lokhala ndi ana a sukulu limasamuka, ndipo anthu amacepanso.

M'miyezi ya Julai ndi Ogasiti, imene iri cirimwe cao, alendo a maiko ena amabwera miyandamiyanda kudzasamba m'nyanja, ndipo ngalawa zimadzala kufikira ena kusowa pokhala. Koma ndalama za miyezi iwiri sizikwanira kulipira mafuta ndi amarinyero a caka conse. Cifukwa cace boma limathirapo ndalama zace. Zombo zambiri ziri za kampani ya boma yochedwa Jadrolinija, imene inayamba mu 1947 mu mzinda wa Rijeka, pamene Croatia inali mbali ya dziko la Yugoslavia. Ndipo idakhalabe Croatia itaima payokha mu 1991. Dzinalo litanthauza njira ya pa Adriatic, pakuti eni dziko amachula nyanja yao Jadran. Mu 1999 nyumba ya malamulo inaika lamulo la zisumbu, lofuna kuti moyo wa kumeneko usalemere koposa wa kumtunda. Wokhala pacisumbu ali ndi ciphaso cace, cimene amaonetsa nalipira mtengo wocepa kusiyana ndi mlendo. Ana a sukulu ndi okalamba amakwera osalipira. Angakhalepo wodandaula kuti ndi ndalama zambiri zotayidwa pa anthu ocepa. Koma mseu wa kumudzi nawonso subweza ndalama zace, ndipo palibe amene amati aufafanize cifukwa ca ico.

Wofuna kudziwa amene ngalawa imtumikira ayang'ane kumene imagona. Pa njira zambiri brod siigona mu mzinda, koma ku mudzi wa kumapeto kwa ulendo, ndipo amarinyero amagona momwemo. M'nyengo yozizira imanyamuka kukali mdima, nyali zace ziri kuyaka, nitola pa dooko liri lonse ana onyamula mabuku, anchito, ndi okalamba onka kucipatala, kuti afike mu mzinda belu la sukulu lisanalire. Masana, sukulu itaweruka, imawabweza. Ndipo ulendo wotsiriza wa madzulo umacoka mu mzinda kunka kuzisumbu, kumene cingwe cimangidwa kufikira mbanda kuca.